Mkango Wotuluka m'Chinsalu: Nkhani ya Kanema wa 3D

Madzulo a pa 26 Novembala 1952, anthu a mu mzinda wa Los Angeles, ku America, adakhamukira ku nyumba zoonetseramo kanema kukaona filimu yatsopano yotchedwa Bwana Devil. Liwu loyamba la dzina limeneli nlodziŵika kwa womvera aliyense. Nkhani yake idali ya mikango iŵiri ya ku Tsavo, m'dziko la Kenya, imene m'chaka cha 1898 idagwira ndi kudya anthu ambiri omanga njanji yochokera ku Mombasa kulinga ku Uganda. Pakhomo munthu aliyense ankalandira magalasi a mtundu wachilendo, ndipo zikwangwani zidalonjeza kuti mkango udzatuluka m'chinsalu nkudzakhala pamiyendo pa woonerera. Olemba nyuzipepala adaipeputsa filimuyo, nati nkhani yake njosakoma. Koma anthu sadalabadire zimenezo, adadzaza nyumbazo usiku ndi usiku, ndipo eni ake adakolola ndalama zochuluka.

Chimene chidakoka khamulo ndi kanema amene masiku ano amatchedwa wa 3D. Chithunzi wamba chili ndi miyeso iŵiri, m'litali ndi m'lifupi, pamene cha 3D chimaonjezapo muyeso wachitatu, ndiwo kuya, kotero kuti zinthu zina zimaoneka ngati zaloŵa mkati mwa chinsalu, zina ngati zatulukamo. Nkhani ya lero ikufotokoza m'mene amisiri amachitira zimenezi, chifukwa chake ntchitoyi yagwa ndi kudzukanso kangapo, ndiponso zimene munthu wolipira ndalama yake pakhomo ayenera kudziŵa kuti asamale maso ake ndi a ana ake.

Maso aŵiri, zithunzi ziŵiri

Chiyambi cha zonse chili pankhope pa munthu. Maso a munthu wamkulu amatalikirana pafupifupi masentimita 6 ndi theka, motero saona chinthu kuchokera pa malo amodzi. Womvera amene wakhala pafupi ndi wailesi yake angathe kutsimikiza zimenezi pompano. Atambasule dzanja, aimike chala chachikulu kuloza ku mtengo kapena ku chitseko, atsinzine diso lamanzere, kenaka alitsegule nkutsinzina lamanja. Adzaona chala chikudumpha uku ndi uku pamene dzanja silidasunthe konse. Akachibweretsa pafupi ndi mphuno chidzadumpha kwambiri, akachitalikitsa chidzadumpha pang'ono. Ubongo umalandira zithunzi ziŵiri zosiyana pang'onozi, numaziphatikiza kukhala chimodzi, ndipo pa kusiyana kwakeko umaŵerengera kuti ichi chili pafupi, icho chili patali.

Nchifukwa chake munthu wotsinzina diso limodzi amavutika kukumanitsa nsonga za mapensulo aŵiri, kapena kuthira palafini m'botolo la kukamwa kwakung'ono popanda kutaya pansi. Ngakhale nyama zimachitira umboni. Mphaka, kadzidzi ndi mkango, amene amadya mwa kulumphira chinthu, ali ndi maso onse aŵiri kutsogolo kuti ayese mtunda bwino. Mbuzi ndi kalulu, amene ntchito yawo nkuthaŵa, ali ndi maso m'mbali kuti aone mdani wochokera kulikonse.

Woyamba kufotokoza chinsinsi chimenechi momveka adali Charles Wheatstone, katswiri wa sayansi wa ku England, m'chaka cha 1838. Iye adajambula pamanja zithunzi ziŵiri za chinthu chimodzi, china monga lionera diso lamanzere, china monga lionera lamanja, naziika m'chipangizo cha akalilole aŵiri. Woyang'anamo ankaona chinthu chimodzi chokhala ndi thupi. Pambuyo pake David Brewster wa ku Scotland adapanga kabokosi kogwirika m'manja, ka mandala m'malo mwa akalilole, ndipo Mfumukazi Victoria itakondwa nako pa chionetsero chachikulu cha ku London m'chaka cha 1851, timabokosito tidagulidwa ponseponse. Lamulo limene Wheatstone adapeza silidasinthe mpaka lero: diso lililonse lilandire chithunzi chakechake, ndipo lisaone cha linzake.

M'kabokosi ka munthu mmodzi lamuloli nlosavuta kusunga, pakuti kachipupa kapakati kamalekanitsa maso. Koma m'nyumba ya kanema muli anthu mazanamazana, ndipo onsewo akuyang'ana chinsalu chimodzi. Zithunzi ziŵiri ziyenera kuponyedwa pamenepo pamodzi, kenaka nkulekanitsidwanso zisanaloŵe m'maso. Makina onse amene adzatchulidwe m'nkhani ino ndi mayankho osiyanasiyana a funso limodzi lomweli.

Njira ya mitundu ndi njira yophethira

Yankho loyamba lidali la mitundu. Mjeremani wina dzina lake Wilhelm Rollmann adalilongosola m'chaka cha 1853. Chithunzi cha diso limodzi chimapakidwa mtundu wofiira, cha linzake wobiriŵira, ndipo woonerera amavala magalasi a mitundu yomweyo. Galasi lofiira limadutsitsa kuŵala kofiira nkutsekereza kobiriŵira, lobiriŵira limachita mosemphana, motero diso lililonse limatsala ndi gawo lake. Pa 10 Juni 1915, Edwin S. Porter ndi William Waddell adaonetsa timafilimu toyesera ta mtundu umenewu ku Astor Theatre mu mzinda wa New York, ndipo mu Sepitembala 1922 filimu yaitali yotchedwa The Power of Love idaonetsedwa ku Ambassador Hotel ku Los Angeles. Njirayi njotsika mtengo, koma imaononga mitundu yeniyeni ya zinthu, ndipo maso amatopa msanga pakuti lina likuona dziko lofiira, lina lobiriŵira.

M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho cha 1922, mnyamata wina wotchedwa Laurens Hammond, amene pambuyo pake adatchuka ndi limba lamagetsi lodziŵika ndi dzina lake, adayesa yankho lina ku Selwyn Theatre ku New York. Makina ake, otchedwa Teleview, ankaponya chithunzi cha diso lamanzere, kenaka cha lamanja, mosinthanasinthana ndiponso mwaliŵiro. Pa mpando uliwonse padamangidwa chipangizo chosuzumiramo, chokhala ndi kambale kozungulira kamene kankatseka diso limodzi pamene linzake likuona. Kambaleko kankayenera kuzungulira mogwirizana ndendende ndi makina oponya zithunzi. Nzeruyo idagwira ntchito, koma kuika kamota pa mpando uliwonse kudali kodula, ndipo patangopita masabata oŵerengeka zonse zidazulidwa. Omvera aisunge nzeru imeneyi m'mutima, pakuti idadzabweranso patapita zaka zambiri.

Chingwe ndi mpanda wa nsungwi

Yankho lachitatu, limene lagwira ntchito koposa onse, limafuna kumvetsa khalidwe la kuŵala. Kuŵala kumayenda ngati mafunde. Ana aŵiri akagwira chingwe chachitali, wina uku wina uko, mmodzi nkumachigwedeza, mafunde amathamanga m'chingwemo. Akachigwedeza chokweza ndi chotsitsa, mafundewo amaimirira. Akachigwedeza cham'mbali, amagona. Tsono chingwecho chipyole pa mpata wa mpanda wa nsungwi zoimirira. Mafunde oimirira adzadutsa, koma ogona adzagunda nsungwi nkuthera pomwepo. Kuŵala kwa dzuŵa kapena kwa nyali kumagwedezeka mbali zonse, koma kukapyola pa sefa yokhala ngati mpandawu, kumatuluka kukugwedezekera mbali imodzi yokha.

Amene adapeza njira yopangira sefa yotere motsika mtengo adali Edwin Land, wophunzira amene adasiya maphunziro ake pa yunivesite ya Harvard kuti alimbane ndi ntchitoyi. Iye adandandalika timiyala tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso m'pepala la pulasitiki, tonse kuloza mbali imodzi, ndipo m'chaka cha 1937 adakhazikitsa kampani ya Polaroid. Eni kanema adaona mwaŵi pomwepo. Makina aŵiri oponya zithunzi aikidwe pamodzi, alionse ndi sefa yake, masefa aŵiriwo akhale opingasana, ndipo magalasi a woonerera akhale ndi masefa ofanana nawo. Diso lamanzere lidzaona za makina akumanzere zokha, lamanja za akumanja zokha, mitundu yonse ili bwinobwino. Khamu lalikulu lidaona zimenezi pa chionetsero cha maiko ku New York m'chaka cha 1939, ndiponso ku London m'chaka cha 1951, m'nyumba yotchedwa Telekinema, kumene kudaonetsedwa zojambula za Norman McLaren. Magalasi a Bwana Devil adali a mtundu umenewu, ngakhale ambiri amaganiza kuti mafilimu a nthaŵi imeneyo ankaonedwa ndi magalasi ofiira ndi obiriŵira.

Njirayi ili ndi msonkho wake. Chinsalu choyera wamba chimasokoneza mafunde aja, nkuŵabweza akugwedezeka mbali zonse, kotero kuti maso onse aŵiri amaona zithunzi zonse ziŵiri. Mwini nyumba ya kanema amayenera kugula chinsalu chopakidwa utoto wa aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija chopangira mapoto, pakuti chitsulo chimabweza kuŵala kosasintha kagwedezekedwe kake. Komanso woonerera akapendeketsa mutu, mpanda wa m'magalasi ake umapendekeka nawo, ndipo chithunzi cha diso lina chimayamba kudontha kuloŵa m'diso linzake ngati mzukwa.

Mtolo wa mmisiri wa m'kachipinda

Bwana Devil idafika pa nthaŵi ya njala kwa eni kanema a ku America. Wailesi ya kanema idali italoŵa m'makomo, ndipo chiŵerengero cha anthu opita ku nyumba za kanema chidatsika kwambiri. Makampani onse adathamangira 3D monga chowapulumutsa, motero pakati pa 1952 ndi 1955 padapangidwa mafilimu aataliatali pafupifupi 50 a mtunduwu. Yotchuka kwambiri idali House of Wax ya kampani ya Warner Bros., m'chaka cha 1953. Chodabwitsa nchakuti woitsogolera, André de Toth, adali ndi diso limodzi lokha, ndipo sakadatha kuona kuya kumene ankakonzera anzake. 

Katundu yense wolemera adagwera munthu mmodzi amene woonerera samuona, ndiye mmisiri woyendetsa makina m'kachipinda ka kumbuyo. Mwa nthaŵi zonse makina ake aŵiri ankalandizana: ena akuonetsa mpukutu wa filimu wa mphindi pafupifupi 20, iye nkumakonza mpukutu wotsatira pa enawo. Tsopano onse aŵiri ankayenda pamodzi. Mipukutu idakulitsidwa, komabe sinkakwana filimu yonse, motero pakati pa nkhani nyali zinkayatsidwa kuti mmisiri asinthe. Filimu imathamanga zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo mipukutu iŵiriyo inkayenera kuyendera limodzi chithunzi ndi chithunzi. Umodzi ukaduka, mmisiri nkutayapo zithunzi zitatu polumikiza, ankayenera kubwezeretsapo zidutswa zitatu zakuda, apo ayi kudulanso zitatu pa mpukutu unzake. Nyali ziŵiri zinkayenera kuŵala mofanana, mandala onse kupenya mofanana, ndipo chithunzi china chisakwere pamwamba pa chinzake.

Kuona maso a nkhono nkudekha, koma si amisiri onse adali odekha, ndiponso si eni nyumba onse adali okonzeka kulipira munthu wachiŵiri m'kachipindamo. Mpukutu umodzi ukatsalira ndi chithunzi chimodzi chokha, diso lina linkaona dzanja lili m'mwamba pamene linzake likuliona litayamba kutsika. Woonerera sankadziŵa cholakwika, ankangomva mutu kuŵaŵa ndi maso kuthwanima, ndipo ankatuluka akuuza anzake kuti 3D imadwalitsa. Mu Sepitembala 1953 kampani ya 20th Century Fox idatulutsa filimu ya The Robe pa chinsalu chotambalala cha CinemaScope, chofuna makina amodzi okha, nalengeza kuti chodabwitsa chimenechi chimaoneka popanda magalasi. Eni nyumba adatembenukira kumeneko. Pamene Alfred Hitchcock adatsiriza Dial M for Murder m'chaka cha 1954, imene adaijambula mwa 3D, malo ambiri adaionetsa ngati filimu wamba.

Ku Soviet Union amisiri adatsata njira inanso, yosafuna magalasi. Semyon Ivanov adapanga chinsalu chokhala ndi maŵaya zikwizikwi patsogolo pake, ndipo chidayamba kugwira ntchito ku Moscow m'chaka cha 1941. Maŵayawo ankabisa timizere tina ta chithunzi kwa diso limodzi nkutionetsa kwa linzake, monga munthu wosuzumira pa mpanda amaonera zosiyana ndi diso lililonse. M'chaka cha 1947 adatulutsa filimu yaitali ya Robinson Crusoe yoonedwa popanda magalasi. Chovuta chidali chakuti woonerera ankayenera kupeza malo oyenera a mutu wake nkuuma khosi pomwepo, pakuti akasuntha pang'ono zithunzi zinkasinthana maso.

Mpukutu umodzi, kenaka makina a kompyuta

Popeza vuto lalikulu lidali mipukutu iŵiri, amisiri adaganiza zoika zithunzi zonse ziŵiri pa mpukutu umodzi, china pamwamba china pansi, ndi kuika mandala apadera ogaŵa kuŵala paŵiri. Arch Oboler, yemwe uja adapanga Bwana Devil, adagwiritsa ntchito njirayi pa filimu ya The Bubble m'chaka cha 1966, ndipo idabweranso mwamphamvu pa mafilimu monga Comin' at Ya! mu 1981 ndi Jaws 3-D mu 1983. Kutsalirana kudatha, koma kudabwera mdima. Nyali imodzi inkadyetsa maso aŵiri, chithunzi chilichonse chidachepa ndi theka, ndipo anthu adatopanso. Amene adasunga mbiri yabwino adali a kampani ya IMAX ya ku Canada. Pa chionetsero cha maiko ku Vancouver m'chaka cha 1986 iwo adaonetsa Transitions pa mipukutu iŵiri ya mamilimita 70, imene chithunzi chake nchachikulu pafupifupi kakhumi kuposa cha filimu wamba, ndipo makina awo ankasamalidwa ndi amisiri ophunzitsidwa bwino.

Kusintha kwenikweni kudadza pamene mpukutu wa filimu udaloŵedwa m'malo ndi makina a kompyuta. M'kati mwa makina ambiri otere muli kachipangizo ka kampani ya Texas Instruments kokhala ndi tiakalilole toposa 2 miliyoni, kalikonse kotha kupendekeka kambirimbiri pa sekondi imodzi, kutumiza kuŵala ku chinsalu kapena kukutaya pambali. Makina otere angathe kuponya chithunzi cha kumanzere ndi cha kumanja mosinthana, ndipo popeza zonse zimachokera m'nkhokwe imodzi, palibe chotsalira. Mu Novembala 2005 kampani ya Disney idatulutsa Chicken Little pa makina a kampani ya RealD m'nyumba zosakwana 100.

Makina a RealD amagwira ntchito motere. Patsogolo pa mandala pamaikidwa galasi lamagetsi, lochokera ku ntchito ya katswiri wotchedwa Lenny Lipton, limene limasintha kagwedezekedwe ka kuŵala ka 144 pa sekondi imodzi. Chithunzi chilichonse mwa 24 zija chimaonetsedwa katatu kwa diso lamanzere ndi katatu kwa lamanja, mosinthana, kuti maso asaone kuphethira. Ndiponso kuŵalako sikugwedezeka choimirira kapena chogona, kumayenda kukupota ngati chingwe cha khonje, kwa diso lina kupotera kumanja, kwa linzake kumanzere. Chingwe chopotedwera kumanja chimakhalabe chotero ngakhale munthu achitembenuze chotani, motero woonerera angathe kupendeketsa mutu mzukwa uja osaoneka. Magalasi ake ngotsika mtengo, koma chinsalu cha aluminiyamu chimafunikabe.

Kampani ya Dolby idatulutsa njira yake m'chaka cha 2007, yochokera ku nzeru ya kampani ya Infitec ya ku Germany. Imeneyi ndi mdzukulu wa njira ya mitundu ija. Zithunzi zonse za kanema zimapangidwa ndi mitundu itatu, wofiira, wobiriŵira ndi wabuluu. Dolby imagaŵa mtundu uliwonse paŵiri, kotero kuti diso lamanzere limalandira kufiira kwakekwake, lamanja kufiira kosiyana pang'ono, chimodzimodzinso mitundu inayo. Gudumu la masefa lozungulira m'kati mwa makina ndilo limagaŵa, ndipo magalasi okutidwa ndi timiyalo tambirimbiri topyapyala ndiwo amasankha. Chinsalu choyera chimakwanira, koma magalasiwo ngodula, motero amatoleredwa pakhomo, kutsukidwa, ndi kuperekedwanso kwa ena. Nayo nzeru ya Laurens Hammond idabwerera kudzera m'makampani monga XpanD. M'malo mwa kambale kozungulira, magalasi okhala ndi kabatire amadetsa diso limodzi ndi kuyeretsa linzake, pomvera chizindikiro cha kuŵala kosaoneka ndi maso chochokera kutsogolo kwa nyumba.

Avatar ndi njala ya kuŵala

Mu Disembala 2009 James Cameron adatulutsa Avatar, imene idapeza madola oposa 2.7 biliyoni, ndipo nyumba za kanema m'maiko ambiri zidagula makina atsopano mothamanga. Pamenepo cholakwa cha 1953 chidabwerezedwa mwa mtundu wina. Makampani ena adatenga mafilimu ojambulidwa ndi kamera ya diso limodzi nkuŵasandutsa a 3D pa kompyuta mofulumira, monga zidachitikira ndi Clash of the Titans mu 2010, imene idadzudzulidwa kwambiri chifukwa anthu ankaoneka ngati zidutswa za katoni zoimikidwa motsatana. Mtengo wa tikiti udakwera, koma chimene woonerera ankalandira chidatsika. Mawailesi a kanema a 3D a m'nyumba, amene adayamba kugulitsidwa mu 2010, pofika 2017 makampani akuluakulu adali atasiya kuŵapanga.

Dandaulo lalikulu lidali la mdima. Sefa ya pa makina imadya kuŵala koposa theka. Kusinthana kwa maso kumachititsa kuti diso lililonse lilandire theka la nthaŵi. Magalasi nawo amadyako. Pa makina ambiri, kuŵala kofika m'diso kumachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a kumene kudatuluka m'nyali. Muyeso wovomerezeka wa kanema wamba ndi 14 pa sikelo imene amisiri amaitcha foot-lambert, koma nyumba zambiri zinkaonetsa 3D pa 4 kapena kucheperapo, makamaka kumene mwini nyumba ankasunga nyali yokalamba poopa mtengo wa yatsopano. Mankhwala ake adapezeka m'nyali za leza, zoŵala kwambiri ndiponso zokhalitsa. IMAX idaika makina ake oyamba a leza ku Toronto kumapeto kwa 2014, ndipo Dolby nayo idapanga makina aŵiri a leza otulutsa okha mitundu isanu ndi umodzi ija popanda gudumu la masefa. Ena adaonjeza liŵiro la zithunzi kufika 48 pa sekondi kuti zoyenda msanga zisanjenjemere, monga adachitira Peter Jackson pa The Hobbit mu 2012, ndi Cameron pa zigawo zina za Avatar: The Way of Water mu 2022, imene idapeza madola oposa 2 biliyoni.

Chimene maso amanena

Ngakhale makina akhale abwino chotani, chilipo chinthu chimodzi chimene sangachotse. Munthu akayang'ana chinthu chapafupi, maso ake amachita ntchito ziŵiri pamodzi: amatembenukira mkati kuloza chinthucho, ndipo kandala ka m'kati mwa diso kamasintha kuti chioneke bwino. Chibadwire ntchito ziŵirizi zimayendera limodzi. Mu kanema wa 3D zimalekanitsidwa, pakuti maso amatembenukira ku mkondo wooneka ngati uli pamphuno pamene ayenera kupenyabe pa chinsalu chimene chili kutali. Wojambula wanzeru amasunga zinthu zambiri pafupi ndi chinsalu kapena kumbuyo kwake, natulutsa mkondo mwa apo ndi apo. Woonerera amene amatopa msanga akhale pakati kapena chakumbuyo kwa nyumba, pakuti mipando yakutsogolo ndiyo imavutitsa maso koposa. Akaona zithunzi ziŵiriziŵiri kapena mdima wopitirira, ali ndi ufulu wodandaula kwa eni nyumba, popeza kaŵirikaŵiri cholakwa chimakhala m'makina.

Alipo anthu ena amene saona kuya kumeneku ngakhale makina ali bwino. Ena diso lawo limodzi limayang'ana kumbali, ena diso limodzi limaona mofooka chiyambire ubwana, ndipo ubongo udazoloŵera kulinyalanyaza. Ambiri a iwo sadziŵa, pakuti amayesa mtunda mwa njira zina, monga kukula kwa zinthu ndi mithunzi yake. Apa pali phunziro kwa makolo ndi aphunzitsi m'maboma onse, ngakhale kumene kulibe nyumba ya kanema. Mwana amene diso lake limathaŵira kumbali, amene amapendeketsa mutu poŵerenga pa bolodi, kapena amene amatsinzina diso limodzi nthaŵi zonse poyang'anitsitsa, atengeredwe ku chipatala cha maso asanakule. Vuto limeneli limachizika bwino pa ubwana, mwina ndi magalasi, mwina mwa kuphimba diso lamphamvu kwa maola ena pa tsiku kuti lofooka liphunzire ntchito. Mwana akakula, chithandizo chimavuta.

Nzeru ya Wheatstone siidathere m'nyumba za zosangalatsa. Ojambula mapu akhala akuyang'ana zithunzi ziŵiriziŵiri zotoledwa m'ndege kuti ayese kutalika kwa mapiri ndi kuya kwa zigwa, ndipo mapu ambiri amene ana amaphunzirira jogalafe adapangidwa motero. Madokotala ena ochita opaleshoni ndi makina amaona m'kati mwa thupi ndi timakamera tiŵiri. Galimoto ya Perseverance, imene idatera pa dziko la Mars mu Febuluwale 2021, ili ndi makamera oikidwa aŵiriaŵiri kuti oiyendetsa adziŵe mtunda wa mwala ulionse.

Tsono mbiri ya kanema wa 3D yaonetsa chinthu chimodzi katatu, mu 1953, mu 1983 ndi pambuyo pa 2009. Anthu amabwera mwaunyinji chinthucho chikakhala chatsopano, ndipo amabwerera kwawo pamene eni ake ayamba kuumira pa nyali, pa amisiri ndi pa nkhani yabwino. Filimu ya Bwana Devil lero imakumbukika ndi oŵerengeka okha, ndipo mkango wake sudakhalepo pamiyendo pa munthu aliyense. Koma womvera amene adaimika chala chake poyamba paja, nachiona chikudumpha, wagwira kale chinsinsi chimene makina onseŵa amatsanzira. Akatha kumvera nkhani ino aitane ana a pakhomo pake, aŵayesetse chimodzimodzi, ndipo ayang'anitsitse ngati maso onse aŵiri a mwana aliyense akugwira ntchito.